Mabuku a mfuti zakale za ku America asachotsedwe, koma anene amene mfutizo zidaloza

Mu Epulo 2011 aphungu a dera la Arizona ku America adavomereza lamulo loti pisitolo ya Colt Single Action Army ikhale chizindikiro cha dera lawo, monga momwe madera ena amasankhira mbalame kapena duwa. Nkhaniyi idautsa mapiri pachigwa. Padali patangotha miyezi itatu chichitikireni zoopsa za ku Tucson, komwe munthu wina adawombera gulu la anthu, kupha asanu ndi mmodzi ndi kuvulaza modetsa nkhawa phungu Gabrielle Giffords. Komanso Albert Hale, phungu wa mtundu wa Navajo yemwe adakhalapo mtsogoleri wa mtundu wakewo, adakana kwamtuwagalu, nauza anzake kuti kwa eni nthaka mfuti imeneyi imakumbutsa zaka zomwe makolo awo ankaphedwa ndi kulandidwa malo. Lamulolo lidadutsabe, bwanamkubwa Jan Brewer n'kulisainira. Koma mkangano wa momwe mfuti za nthawi ya makauboyi ziyenera kukumbukiridwira sudathere pomwepo, ndipo umafika mpaka pa mashelefu a mabuku.

Amene adagwirapo limodzi la mabuku a zithunzi za mfuti zakalezi akudziwa maonekedwe ake. Ndi aakulu, olemera, a mapepala onyezimira. Tsamba lonse limadzaza ndi mfuti imodzi itagonekedwa pansalu yofiira kapena pachikopa chakale, pambali pake pali baji ya wapolisi, makadi a juga ndi wotchi ya m'thumba. Kuwala kumagwera bwino pa maluwa ozokotedwa pachitsulo ndi pa chogwirira cha mnyanga. Pansi pake pamakhala mizere itatu kapena inayi yokha: dzina la mfuti, chaka, kukula kwa chipolopolo, kutalika kwa mpope ndi nambala yomwe fakitale idadinda. Pali anthu amene amati mabuku otere ndi njira yaulemu yotsatsira zida zophera anthu, ndipo sayenera kupatsidwa malo m'malaibulale momwe ana amafika. Mbali inayo kuli osonkhanitsa mfuti zakale, amene amati mabukuwa ali bwino momwe alili, ndale zisalowemo. Ine ndikuti mabukuwa asachotsedwe, apitirire kusindikizidwa ndi kuwerengedwa, chifukwa mfuti yojambulidwa pafupi ndi umboni wamphamvu kuposa filimu iliyonse pa zomwe zidachitika kumadzulo kwa America pakati pa 1836 ndi 1890. Koma buku loonetsa mfuti n'kubisa amene adaigwira ndi amene idamuloza lili ngati mboni yomwe yafika pabwalo la mfumu, yanena theka la zomwe idaona, n'kukhala pansi. Mboni yotere sitiithamangitsa, timaiimikanso kuti imalize.

Tiyambe ndi dandaulo lolemera kwambiri, loti mabukuwa amakometsera kupha ndipo amagwira ntchito ya otsatsa malonda. Dandauloli lili ndi mizu ndipo sindikulichepetsa. Mawu otchuka oti Winchester ya 1873 ndi mfuti yomwe idagonjetsa dziko la kumadzulo sadachokere kwa alimi kapena asilikali a nthawiyo. Adafala kudzera mu zotsatsa za kampani ya Winchester nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha, pomwe kampaniyo inkasakasaka ogula atsopano. Zisanafike apo, William Cody, wodziwika kuti Buffalo Bill, adali atayamba kale mu 1883 kuyenda ndi chionetsero chake cha akavalo ndi mfuti, chomwe mu 1887 chidafika mpaka ku London. Nthano ya kauboyi wosolola pisitolo mwamphezi idaumbidwa ndi anthu ofuna ndalama, ndipo mabuku ambiri a zithunzi adangoilandira osaifunsa mafunso. Zonsezi n'zoona. Komabe tidzifunse kuti nthano imeneyi tiigwetsa ndi chiyani. Mbiri ikuonetsa kuti chomwe chakhala chikuigwetsa kawirikawiri ndi mfuti yomweyo, ikayang'anitsitsidwa ndi munthu woidziwa.

Chitsanzo chophweka ndi chithunzi cha chigawenga chotchuka Billy the Kid, chomwe chidagulidwa pa okushoni mu 2011 pa mtengo wa madola 2.3 miliyoni. Mnyamatayo waima atavala chipewa chopindika, dzanja lina lagwira Winchester ya 1873 itatsamira pansi, pisitolo ili m'chiuno mbali yooneka ngati yakumanzere. Kwa zaka zambiri anthu ankakhulupirira kuti adali wamanzere. Amene adadula nkhaniyi ndi odziwa mfuti. Winchester ya 1873 ili ndi kachitseko kolowetsera zipolopolo kumanja kwake, koma pachithunzipo kachitsekoko kali mbali inayo. Zithunzi za pachitsulo za masiku amenewo zinkatuluka motembenuka ngati pagalasi, choncho pisitolo ija idali kumanja. Ndi nkhani yaing'ono, koma ikutiphunzitsa njira yake: kachitsulo kamodzi, kakadziwika bwino, kamakonza bodza lomwe anthu alibwereza kwa zaka makumi ambiri.

Nkhani yaikulu ndi ya ku Little Bighorn, ku Montana, komwe pa 25 Juni 1876 ankhondo a eni nthaka a mitundu ya Lakota ndi Cheyenne adagonjetsa George Custer, mkulu wa gulu la asilikali a boma, ndipo asilikali a boma oposa 260 adafa pankhondo yonseyo. Mu 1983 moto wolusa udapsereza udzu pamalopo, nthaka n'kuonekera. Mu 1984 ndi 1985 akatswiri ofukula zakale, mwa iwo Douglas Scott ndi Richard Fox, adatola makoko a zipolopolo ndi kulemba pomwe khoko lililonse lidagwera. Mfuti iliyonse imasiya chidindo chakechake pomwe kamsomali kake kamenya khoko. Mfuti ya Henry ndi Winchester ya 1866, mwachitsanzo, zimasiya timabala tiwiri m'mphepete. Poyang'ana zidindozo pa maikulosikopu, akatswiriwo adatha kutsata mfuti imodziimodzi momwe idayendera pachitundapo. Umboniwo udatsimikiza kuti asilikali a boma adali ndi Springfield ya 1873, yolowa chipolopolo chimodzi panthawi, pomwe ankhondo ambiri a eni nthaka adali ndi Henry ndi Winchester zowombera motsatizana, kuphatikiza pa mauta ndi mfuti zina za mitundumitundu. Kunena kwina, gulu lankhondo la America silidatenge Winchester kukhala mfuti ya asilikali ake, ndipo patsiku lotchuka kwambiri la nkhondo zimenezi Winchester idali m'manja mwa anthu oteteza kwawo. Kagonedwe ka makokowo kadachititsanso Fox kunena kuti mizere ya asilikali idasweka msanga ndi mantha, zosiyana ndi zojambula zomwe zimaonetsa Custer ataima chilili ndi anyamata ake mpaka womaliza. Ntchito yonseyi sikadatheka popanda chidziwitso chosungidwa m'mabuku omwe ena akufuna achotsedwe, chidziwitso cha kusiyana kwa mfuti iyi ndi iyo, kwa khoko ili ndi ilo. Pachifukwa ichi, amene akufuna kugwetsa nthano ya kauboyi ndiye oyamba kufunikira mabukuwa.

Dandaulo lachiwiri ndi la ululu. Likuti zidzukulu za anthu amene adaphedwa ndi mfutizi siziyenera kuona zida zimenezi zitagonekedwa pansalu yofewa ngati mikanda. Apa munthu wamtima sangayankhe mopepuka. Pa 29 Disembala 1890, ku Wounded Knee m'dera la South Dakota, asilikali a gulu lomwe lija la Custer adazinga anthu a Lakota otsogozedwa ndi Spotted Elk n'kuwalamula kupereka mfuti zawo. Pokanganirana mfuti imodzi, idalira. Pachitunda padali mizinga inayi ya Hotchkiss yoloza kumsasa. Anthu pakati pa 250 ndi 300 adafa, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. Buku lomwe limatsekera nkhani yake mu 1890 ndi pisitolo yokutidwa ndi golide, osatchula Hotchkiss, likunama ngakhale mawu ake onse atakhala oona. Pamenepa ndikugwirizana ndi odandaulawo kotheratu. Pomwe ndikusiyana nawo ndi pa mankhwala ake. Kuchotsa mfuti pamaso pa anthu sikuchotsa mlandu, kumangochotsa umboni wa mlanduwo. Mwana wa ku America amene sadaonepo mzinga wa Hotchkiss, osadziwa kuti chipolopolo chake chinkaphulika chikagwa pakati pa matenti, akhoza kukhulupirira mosavuta kuti ku Wounded Knee kudali nkhondo ya magulu awiri ofanana mphamvu.

Kuwonjezera apo, mfuti za eni nthaka zili ndi nkhani yomwe zikalata za boma sizinena, popeza zikalatazo zidalembedwa ndi opambana. Muyang'ane imodzi pafupi. Thabwa lake lakhomedwa timisomali tamkuwa m'mizere ndi m'mitanda, monga momwe mwini wake adafunira. Pomwe thabwalo lidathyoka palibe guluu kapena chitsulo cha kufakitale, pali chikopa chosafufuta chomwe chidakulungidwa chili chonyowa, ndipo chitauma chidafinya n'kugwira zolimba mpaka lero. Mpope wa zina udadulidwa kuti mlenje athe kuthira wonga ali pakavalo wothamanga. Mfuti za malonda zomwe kampani ya Hudson's Bay inkasinthanitsa ndi zikopa zidali ndi kanjoka kamkuwa m'mbali, ndipo ogula ankayang'ana kanjokako ngati chizindikiro choti mfutiyo ndi yeniyeni. Munthu woona zimenezi saonanso anthu ongoyembekezera kuphedwa. Amaona ogula odziwa katundu, amisiri okonza zida kutali ndi sitolo, atsogoleri owerengera zipolopolo zawo. Mu Julayi 1881, mtsogoleri wa a Lakota Sitting Bull atabwerera kuchokera ku Canada anthu ake atatheratu ndi njala, adapereka Winchester yake ku Fort Buford kudzera m'manja mwa mwana wake Crow Foot. Tsamba limodzi loonetsa mfuti imeneyo ndi nkhani yake limalemekeza a Lakota kuposa shelefu yopanda kanthu.

Chimodzimodzinso anthu akuda, amene mafilimu adawafufuta kumadzulo ngati sadaliko. Bass Reeves, wobadwira muukapolo, adayamba mu 1875 kugwira ntchito yosaka zigawenga m'dera lomwe lero ndi Oklahoma, ndipo adaigwira zaka zoposa 30. Mu 1892 mtolankhani Ida B. Wells, poona momwe magulu achiwembu ankapachikira anthu akuda apolisi akungoyang'ana, adalemba kuti Winchester iyenera kukhala ndi malo aulemu m'nyumba ya munthu wakuda aliyense. Ndipo buku loona mtima silingabise mbali yowawa, yoti asilikali akuda a magulu a pakavalo a 9 ndi 10, omwe adakhazikitsidwa mu 1866, adatumizidwa kukamenyana ndi eni nthaka omwewo. Mfuti imodzimodziyo idali chitetezo kwa uyu ndi imfa kwa uyo, ndipo mawu a pansi pa chithunzi ayenera kunena m'manja mwa yani, chaka chiti, kuloza yani.

Tsopano nditembenukire kwa osonkhanitsa mfuti, chifukwa nawonso ali ndi mfundo yawo, ndipo ndi iwo amene ndikulimbana nawo kwambiri. Iwo amati: ife timakonda luso la chitsulo, tisiyeni tikambe za makina, za kazokotedwe, za mtundu wa thabwa; za nkhondo ndi kulanda malo zili ndi mabuku ake. Mfundoyi si yopusa. Mafakitale a mfuti a m'dera la Connecticut, monga ya Samuel Colt ku Hartford ndi ya Winchester ku New Haven, adathandiza kukhwimitsa njira yopangira zitsulo zofanana ndi makina m'malo mosula chimodzichimodzi pamanja. Fakitale yakale ya mfuti za Sharps ku Hartford idadzakhala yopanga makina osokera, kenako njinga zakapalasa. Munthu wofuna kumvetsa chiyambi cha mafakitale a masiku ano ali ndi chifukwa chomveka chophunzirira mfutizi. Vuto n'lakuti luso la chida silingafotokozedwe popanda ntchito yomwe chidapangidwira. Amene akuti ndale zisalowemo ayang'anenso Colt Walker ya 1847, pisitolo yolemera makilogalamu awiri yomwe osonkhanitsa amailakalaka kuposa zambiri chifukwa zidapangidwa 1,100 zokha. Idapangidwa motsatira malangizo a Samuel Walker wa gulu lachitetezo la Texas Rangers, amene adaona mu 1844 momwe pisitolo zowombera kasanu zidasinthira nkhondo yawo ndi eni nthaka a mtundu wa Comanche. Ndipo pa chitsulo chozungulira chomwe chimasunga zipolopolo, fakitale yomwe idadindapo chithunzi cha a Rangers akuthamangitsa a Comanche. Nkhondo ya malo ili pa mfutipo chipangidwireni. Wojambula amene amaunikira chithunzicho kuti chioneke bwino, wolemba n'kungotamanda ukatswiri wa wozokota, sadapewe ndale. Wasankha mbali mwakachetechete.

Tengani Sharps ya 1874, mfuti ya alenje a njati. Buku la luso lokhalokha limakuuzani kuti mpope wake ndi wonenepa, wa ngodya zisanu ndi zitatu, ndi kuti zina zinkalemera mpaka makilogalamu 7. Silikuuzani chifukwa chake. Mlenje wa zikopa sankathamangitsa njati pakavalo. Ankakwawa mphepo ikuchokera kwa nyamazo, n'kukhala patali mamita mazana angapo, kutsamiritsa mpope pa timitengo tiwiri topingasa, kuyamba ndi njati yotsogolera kuti zinzake zingoima mosokonezeka. Ankawombera mosalekeza, n'chifukwa chake mpope unkafunika wokhuthala kuti usatenthe msanga. Cha m'ma 1871 ofufuta zikopa adapeza njira yosandutsira chikopa cha njati kukhala malamba oyendetsera makina m'mafakitale, ndipo mu 1872 njanji idafika ku Dodge City, yomwe idasanduka msika waukulu wa zikopa. Njati za kumwera zidatha zaka za m'ma 1870 zisanathe, za kumpoto zidatha pofika 1883. Nyama zomwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 zidalipo pafupifupi 30 miliyoni, mu 1889 katswiri wa nyama William Hornaday adapeza kuti zatsala pafupifupi 1,000. Chilala, kupikisana msipu ndi akavalo komanso malonda akale a zikopa zidali zitayamba kale kuzichepetsa, koma chomwe chidamaliza ndi alenje a mfuti zazikuluzi. Kwa a Lakota, Cheyenne, Kiowa ndi Comanche njati idali ndiwo, chofunda, nyumba ndi chipembedzo, ndipo itatha sadachitire mwina koma kulowa m'malo omwe boma lidawapatulira. Pali chithunzi cha mu 1892 cha phiri la zigaza za njati pafupi ndi Detroit, munthu wina ataima pamwamba, wina pansi, zigazazo zikudikira kuperedwa kuti zikhale feteleza ndi makala oyeretsera shuga. Ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti chithunzi chimenechi chiyenera kukhala tsamba loyang'anizana ndi Sharps m'buku lililonse. Popanda icho, ngakhale kunenepa kwa mpope kuja sikumveka.

Ngakhale chogwirira choyera chija chili ndi ulendo wake, ndipo apa nkhaniyi ikutikhudza ife. Kumunsi kwa mtsinje wa Connecticut kudali matauni a Deep River ndi Ivoryton, omwe ankacheka minyanga ya njovu kupanga zipeso ndi makiyi a piyano, ndipo minyanga yambiri yolowa ku America zaka zimenezo inkadzera ku Zanzibar. Ife a m'mbali mwa nyanja ya Malawi tikudziwa momwe minyanga inkafikira kugombe: ku Nkhotakota kwa Jumbe, kuoloka nyanja pa madau, kenako ulendo wapansi wopita ku Kilwa pamodzi ndi akapolo, posinthana ndi nsalu, wonga ndi mfuti za gogodela. Buku likalemba kuti chogwirira ndi cha mnyanga n'kusiyira pomwepo, ladumpha njira yonse ya malonda yomwe mnyanga unkayendamo usanafike kwa mmisiri.

Dandaulo lina ndi la ndalama, ndipo ili silifuna mawu ambiri chifukwa n'loona. Mu Ogasiti 2021 Colt yomwe wapolisi Pat Garrett adaphera Billy the Kid idagulidwa pa okushoni ya Bonhams pa madola oposa 6 miliyoni. Mfuti ikatuluka m'buku lodziwika mtengo wake umakwera, choncho eni mfuti ali ndi chifukwa chofunira kuti zawo zijambulidwe, ndipo nkhani zokoma za amene adaigwirapo zimamera mosavuta. Zotsatira zake, masamba amadzaza ndi mfuti za golide za mabwana ndi zigawenga zotchuka, pomwe mlimi wamba wolandira maekala 160 pansi pa lamulo logawa malo la 1862 kawirikawiri adali ndi mfuti yosakira mbalame kapena yotsala kunkhondo yapachiweniweni yomwe idatha mu 1865. Colt yatsopano inkagulidwa madola pafupifupi 17 pomwe woweta ng'ombe waganyu ankalandira madola pafupifupi 30 pamwezi. Koma yankho la chinyengo ndi kufufuza, ndipo zofufuzira zilipo. Nyumba yosungiramo mfuti zakale ya ku Cody, ku Wyoming, imasunga makaundula a fakitale ya Winchester. Mu Novembala 2014 ogwira ntchito kumalo otetezedwa a Great Basin ku Nevada adapeza Winchester ya 1873 itatsamira pamtengo, thabwa litatuwa ndi kung'ambika, chitsulo chitachita dzimbiri mpaka kufanana ndi khungwa. Nambala yake idaonetsa kuti idatuluka m'fakitale mu 1882. Atayiunika ndi ekisireyi adapeza chipolopolo chimodzi m'kabowo ka m'thabwa lake. Kaundula sadanene amene adaigula, ndipo oisungawo sadapeke dzina. Umu ndi momwe buku labwino liyenera kuchitira: kulekezera pomwe umboni walekezera, ndi kupereka tsamba lathunthu kwa mfuti yadzimbiri ya munthu wamba monga momwe limaperekera kwa yagolide.

Potsiriza pali amene amati zonsezi ndi zoseweretsa za madoda achuma, zilibe kanthu pa moyo wa lero. Mwina kale akadanena choncho, koma osati chiyambire 23 Juni 2022. Patsikulo, patangotha mwezi umodzi ana 19 ndi aphunzitsi awiri ataphedwa pasukulu ya ku Uvalde ku Texas, khothi lalikulu kwambiri la America lidagamula mlandu wa Bruen, wokhudza lamulo la mfuti la ku New York, kuti lamulo lililonse loletsa mfuti liyenera kugwirizana ndi momwe dzikolo linkayendetsera mfuti m'mbiri yake. Kuyambira pamenepo maloya ndi oweruza akhala akufukula malamulo a zaka za m'ma 1700 ndi 1800, n'kumakangana ngati mfuti zowombera motsatizana zidali zofala kapena zosowa, ngati matauni ankalola munthu kuyenda ndi pisitolo m'chiuno kapena ayi. Zomwe anthu amakhulupirira za kumadzulo kwakale tsopano zimakhudza amene angayende ndi mfuti mumsewu wa New York lero. Pachifukwa chimenechi kulondola kukufunika mbali zonse. Mu 2002 yunivesite ya Columbia idalanda mphoto ya Bancroft kwa wolemba mbiri Michael Bellesiles, amene adalemba kuti anthu a ku America wakale adali ndi mfuti zochepa, ofufuza ena atayang'ana makaundula a katundu wa omwalira n'kupeza kuti manambala ake sakugwirizana ndi zolembedwazo. Otsutsa mfuti sathandizidwa ndi mbiri yokhota, monganso oikonda sathandizidwa ndi nthano.

Ndipo mbiri yolondola ya matauni a makauboyi ndi yosiyana kutalitali ndi yomwe nsalu yofiira ija imanong'oneza. Wolemba mbiri Robert Dykstra adawerenga anthu ophedwa m'matauni asanu a ng'ombe a ku Kansas, omwe ndi Abilene, Ellsworth, Wichita, Dodge City ndi Caldwell, kuyambira 1870 mpaka 1885, n'kupeza 45. Ena amayankha, molondola, kuti matauniwa adali aang'ono moti nambalayi si yochepa poyerekeza ndi anthu okhalamo. Komabe si imfa za tsiku ndi tsiku zomwe timaona pa kanema, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti amalonda a m'matauniwa, pofuna mtendere wochitira bizinesi, adakhazikitsa malamulo oti mlendo asiye mfuti akalowa m'tauni. Pali chithunzi cha msewu waukulu wa Dodge City cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1870 chomwe chikuonetsa chikwangwani choletsa kuyenda ndi mfuti. Oweruza ambiri pa mlandu wa Bruen adakankhira pambali malamulo a madera a kumadzulo ponena kuti kunkakhala anthu osakwana 1 peresenti ya dziko lonse. Munthu akhoza kugwirizana nawo kapena kuwatsutsa, koma sangachite chilichonse mwa ziwirizi ngati buku lomwe adakulira nalo lidamuonetsa pisitolo yokha osamuuza kuti malamulowo adaliko.

N'chifukwa chake ndikupempha osindikiza kuti pambali pa Colt ya 1873 aziikapo lamulo nambala 9 la tauni ya Tombstone, la mu 1881, loletsa kuyenda ndi zida m'tauni popanda chilolezo. Kuwomberana kotchuka kwa m'tauniyi, pafupi ndi khola la akavalo la O.K. Corral, pa 26 Okutobala 1881, komwe kudatenga masekondi pafupifupi 30 n'kusiya Billy Clanton, Tom McLaury ndi Frank McLaury atafa, kudachitika pomwe mkulu wa apolisi Virgil Earp ndi abale ake adapita kukalanda mfuti anthu omwe ankawaganizira kuti akuswa lamulolo. Udani wakale ndi ndale za m'deralo zidalipo, koma chifukwa chomwe apolisiwo adapitira nacho chidali chimenechi. Tsiku lomwelo, kuwomberanako kusanachitike, Ike Clanton, mbale wake wa Billy Clanton, adali atatengeredwa kale kukhothi n'kulipitsidwa chindapusa cha madola 25 chifukwa choyenda ndi mfuti mumsewu.